Mowa Timaumwa, Koma Kodi Timaulawa?

Sabata ino ndi gawo langa, ndipo ndipepeseretu kwa abusa ndi akulu ampingo amene tili nawo muno chifukwa lero ndabwera ndi chipanda. Sindikuitanira munthu ku mowa ayi. Amene simumwa musayambe chifukwa cha ine. Koma kuno ku Kasungu mowa wa masese ukufululidwa tsiku ndi tsiku, ukulipirira ana fizi, ukuperekeza akufa pa bona, ndipo nthawi zina ukugwetsa mabanja. Chinthu chogwira ntchito zonsezi sichoyenera kungodutsa popanda wochiyang'anitsitsa.

Ndiyambire m'chigafa. Aliyense wokulira kuno amadziwa kusankha fodya. Mupatseni tsamba limodzi, akuuzani ngati ndi la pansi, la pakati kapena la kunsonga. Aona mtundu wake, kutalika kwake, mawanga ake, alipinda pang'ono kuti amve chinyontho, alinunkhize, kenako aliponye pa mulu wake. Ku okushoni ya Chinkhoma ogula amadutsa m'mizere ya mabelo, kusolola fodya pang'ono, ndipo mtengo wa thukuta la chaka chonse umadziwika munthu asanameze malovu. Fodya ameneyu ambirife sitisuta, amapita kunja. Komabe tili ndi maso ake, zala zake ndi mawu ake.

Tsopano mupatseni munthu yemweyo chipanda cha masese, mumufunse kuti mowawu uli bwanji. Mayankho alipo awiri basi: "Uwu ndiye mowa, ndi waukali," kapena "Aaa, madzi awa." Chakumwa chomwe mayi wachivutikira pafupifupi sabata yathunthu timachiweruza ndi funso limodzi, lakuti chikundigwetsa msanga kapena ayi. Dandaulo langa lagona pamenepo. Ndikuona kuti amene akupha mowa wa masese ndife akumwa, chifukwa tinasiya kulawa.

Kuti timvane, tikumbutsane kaye komwe kukoma kwa mowawu kumachokera, poti ambiri a ife tinakulira m'tauni ndipo timangouona utapsa kale. Mutu wa zonse ndi chimera. Mayi amaviika mawere, mapira kapena chimanga, n'kuzivundikira masiku angapo mpaka zitamera, kenako amaziyanika padzuwa n'kuzipera. Mbewu ikamamera imatulutsa mphamvu yosandutsa ufa kukhala shuga, n'chifukwa chake phala lothiridwa chimera limasungunuka n'kuyamba kutsekemera. Mukalekera pamenepo mwapeza thobwa, lomwe ngakhale ana amamwa. Wofuna mowa amapitirira. Amalisiya phalalo kuti lisase pang'ono, amaliphikanso nthawi yayitali, amalipoza, amathiranso chimera, n'kulisiya liwire lokha mpaka tsiku losefa. Kusasa kuja kumabwera ndi tizilombo tofanana ndi tomwe timasasitsa chambiko, pomwe ukali umabwera ndi yisiti wachilengedwe amene amakhala m'chimera ndi m'mbiya zakale. Khomo lililonse lili ndi kachitidwe kake pa masiku ndi miyeso, koma msana wa ntchitoyi ndi umenewu. Choncho m'chipanda chimodzi muli zinthu zinayi zoyenera kumvana: kutsekemera kwa chimera, kusasa, ukali, ndi kulemera kwa phala. Mowa wabwino ndi umene zinayizi zikukhalirana mwaulemu, palibe chokwera pamutu pa chinzake.

Akuluakulu amene ndinawaona akulawa ndili mnyamata sankathamangira kukhosi. Ankayamba ndi maso: kodi mowa ukupuma, tithovu tikukwera tokha, kapena wagona ngati madzi a pachithaphwi? Kenako mphuno. Kenako kakumwa kamodzi kakang'ono, kosungidwa m'kamwa, uku akuyang'ana kumbali ngati akumvetsera nkhani yakutali. Akameza ankadikira kuti amve chotsalira kukhosi. Chiweruzo chomaliza chinkabwera m'mawa mwake, poona ngati mutu wadzuka wopepuka kapena ngati muli anthu akusula makasu. Ku America kuli bungwe la Beer Judge Certification Program, lomwe linayamba mu 1985 kuphunzitsa anthu oweruza mowa wofulula pakhomo. Pa mapointi 50, fungo limatenga 12, maonekedwe 3, kukoma 20, kamvekedwe ka m'kamwa 5, ndipo 10 otsalawo ndi a mowa wonse pamodzi. Taonani kuti palibe pointi ngakhale imodzi ya kuledzeretsa. Agogo athu analibe pepala lotere, koma ndondomeko yawo inali yomweyo.

Mwezi wa Julayi, msika wa fodya uli mkati, ndinalawa zakumwa zitatu m'sabata imodzi, ndipo ndikufuna ndiziike pa sikelo pamaso panu.

Woyamba unali mowa wa bona kumudzi kwathu, mbali ya ku Santhe. Anautsogolera ndi azakhali anga, mothandizana ndi amayi ena anayi. Chimera chinali cha mawere okhaokha, ndipo kuyambira tsiku loteleka mpaka tsiku lomwa panadutsa masiku asanu ndi limodzi. Mtundu wake unali wofiirira ngati dothi la katondo litauma. Unali kupuma ndithu, ukati uyike khutu pafupi ndi mbiya umamva kakusisima. Fungo loyamba linali la mawere okazinga, pambuyo pake kafungo kowawasa konga ka bwemba. M'kamwa unayamba ndi kutsekemera, kusasa n'kubwera pambuyo kudzakolopa, kotero kuti lilime limatsala loyera, lofuna kakumwa kena. Unali wolemera moti ukamwa zipanda ziwiri nsima umaiwala, koma wosefedwa bwino, wopanda zokanda kukhosi. Ukali wake unkabwera mochedwa, kuyambira m'mawondo.

Koma si kuti unalibe banga. Kumapeto kwenikweni, mowa utatsika, kunkatsala kakuwawa ka chinthu chopserera. Ndinalimba mtima n'kuwauza eni ake.

"Zakhali, mowawu ndi wabwino zedi, koma ngati unagwira pansi pang'ono?"

Anandiyang'ana nthawi yayitali, kenako anaseka. "Iwe, anthu onsewa amwa kuyambira m'mawa, palibe wanena. Unagwiradi. Tinaphikira mu mgolo wachitsulo, ndiye wovundula uja anapita kukayamwitsa mwana. Nkhali ya amayi ikadakhalapo sizikadatero."

Sanakwiye. Nkhope yawo inali ya munthu amene wapeza womumva. Madzulo ananditumizira kamtsuko kapadera kochokera mu mbiya ina yomwe sinagwire, ati ndisiyanitse. Pamenepo ndinaphunzira kuti mmisiri weniweni sadana ndi womudzudzula amene walawadi. Amene amamupweteka mtima ndi womuyamikira asanameze n'komwe.

Wachiwiri ndinaupeza pa malo ena a malonda m'mbali mwa msewu wa M1, tsiku lomwe alimi ambiri anali atangotapa ndalama za fodya. Panali anthu ngati pamsonkhano wachipani, njinga zamoto zatsopano zili ndandanda, mapepala apulasitiki asanachotse n'komwe pa zishalo. Aliyense ankati mowa wa mayi ameneyu ndiye nambala wani dera lonselo. Ndinapempha wolawa. Mtundu wake unali wotuwa, thovu lambiri koma losachedwa kufa. Fungo linali la buledi wosapsa. M'kamwa munalibe chimera, munalibe kusasa kuja kokolopa lilime, munali kutsekemera kwa shuga wa m'sitolo ndi ukali wobaya ngati singano. Thupi lake linali lopyapyala, gaga akuyandama payekha, madzi payekha, ngati banja lomwe likungodikira ankhoswe. M'mawa mwake ndinadzuka ndi matsire a munthu amene wamwa usiku wonse, chonsecho ndinamwa kapu imodzi ndi theka.

Ndisanachoke ndinacheza nawo mayiwo kuseri, pomwe ankatsuka migolo. Ndinawafunsa ngati amadziwa kufulula wa mawere.

"Achimwene, ine ndinaphunzira kwa agogo anga, wa masiku asanu ndi awiri ndimautha bwinobwino. Koma taganizani. Mawere ndikagule kumsika, mtengo wake mukuudziwa. Nkhuni zophikira kawiri ndizipeza kuti, mitengo inathera m'mabalani ndi m'zigafa? Ndiye ndivutike sabata yonse, abambowa adzalawe n'kunena kuti ndi thobwa la ana, apite kwa mnzanga uyo. Uwu ndimathira shuga ndi yisiti, mawa lake wapsa, ndipo sutsala."

Ndinasowa choyankha. Mayiwa sanaiwale luso, analiika pambali chifukwa palibe woligula. Wolemba ndakatulo akaona kuti anthu amawombera m'manja zotukwana zokha, mawa adzabwera ndi zotukwana. Mowa uja ndikuupatsa mapointi ochepa, koma mlandu wake ndikuugawa pawiri, ndipo gawo lalikulu ndi la ife okhala pa benchi.

Pano wina anena kuti nanga si Chibuku chilipo, bwanji osangomwa chimenecho. Chibuku chili ndi mbiri yake. Chinayambira ku Kitwe m'dziko la Zambia m'zaka za m'ma 1950, pomwe Max Heinrich anayamba kufulula mowa wa makolo m'fakitale, ndipo dzinalo akuti linachokera ku buku lomwe ankalembamo miyeso yake. Phunziro lake ndi lomwelo la bukulo: paketi ya ku Mzuzu ndi ya ku Blantyre zimafanana chifukwa wina analemba. Amayi athu miyeso yawo ili m'manja ndi m'mphuno, ndipo mwini manja akapita, buku lonse lapita. Koma kufanana kuli ndi malire ake. Fakitale singakupatseni mowa womwe ukangolawa umadziwa kuti uwu ndi wa kwa azakhali, uwu ndi wa tsidya la Bua. Kusiyana kumeneko ndiye chuma cha mowa wa pakhomo, monga momwe ndiwo za amayi ako zimasiyanirana ndi za mu lesitilanti.

Chachitatu sichinali mowa wa chimanga. Mnzanga wina wophunzitsa ku pulayimale amapanga vinyo wa masuku. Kumayiko a azungu amafinya maapozi n'kuwiritsa madzi ake, ndipo chotulukacho ndiye cider, yemwe kuno timamuona m'mabotolo a Savanna ndi Hunter's ochokera ku South Africa. Ife maapozi ndi osowa, koma masuku amagwa okha m'nkhalango zomwe zatsala, kuyambira chakumapeto kwa chaka. Mnzangayu anatola masuku mu Disembala, anachotsa nthangala, anawiritsa mu ndowa ya malita 20, n'kusunga m'mabotolo mpaka Julayi. Mtundu unali wokongola, wachikasu chofiirira ngati uchi, ngakhale unali ndi kachifunga. Fungo la masuku linalipo, lija lotikumbutsa ulendo wochokera kusukulu matumba a yunifolomu atanyowa. Koma m'kamwa chipatso chinathawa msanga. Anathira shuga wambiri pofuna ukali, ndipo shugayo anakwirira masuku. Botolo lachiwiri linali litayamba kununkha viniga, chizindikiro chakuti mpweya unkalowa pa chivundikiro. Ndinamuuza zonsezi, ndipo tinagwirizana kuti chaka chino achepetse shuga, awonjezere zipatso, atseke ndowa bwino n'kutulutsa kapaipi kolowa m'botolo la madzi kuti mpweya uzituluka koma usamalowe. Kuti zipatso zathu zingathe kupereka vinyo waulemu si maloto ayi. A Linga ku Lilongwe akhala akupanga vinyo wa zipatso monga jambula ndi magwafa kwa zaka zambiri, n'kumagulitsa m'masitolo akuluakulu. Matenda a mnzangayu ndi omwe aja a pa M1, ongoti chakumwa chikapanda kugwetsa munthu ndiye kuti sichinapse.

Tsopano ndinene mbali yomwe ikundilemera. Lilime lili ndi malire. Pa mwambo wathu wofulula amayamba wamwa yekha pamaso pa anthu, kusonyeza kuti mulibe choipa. Ndi mwambo wabwino, koma umangogwira munthu wa mtima woipa, sugwira ufa woipa. Mu Januwale 2015 ku Chitima, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu 75 anamwalira atamwa mowa wa masese pochokera ku maliro. Mphekesera inafala yakuti wina wathiramo ndulu ya ng'ona, nkhani yomwe ifenso kuno timaidziwa bwino. Akatswiri atapima anapeza kuti munalibe ndulu. Munali poizoni wotchedwa bongkrekic acid, wopangidwa ndi tizilombo tomwe tinamera mu ufa wa chimanga womwe unanyowa n'kuwonongeka. Mayi amene anafulula mowawo anali m'gulu la omwalirawo. Sanafune kupha munthu, ndipo lilime lake silinamuchenjeze.

Kwathu kuno nkhani ndi ya chuku. Tonse tikudziwa chizolowezi chakuti chimanga chabwino ndi cha nsima, chofumbwa ndi chowola ndi cha mowa. Ofufuza a kuno kwathu, motsogozedwa ndi Limbikani Matumba, anapima mowa wa masese wa m'midzi ndipo anapezamo poizoni wochokera ku chuku. Poizoni wa mtundu umenewu saphedwa ndi kuwiritsa, samveka pa lilime, ndipo wina mwa iye, aflatoxin, amawononga chiwindi mwakachetechete kwa zaka. Choncho wolawa weniweni asamathere m'chipanda. Azifunsa kuti chimera chinayanikidwa pati, ufa unachokera ku chimanga chotani, mgolo unkasungira chiyani kale. Kuno kwa alimi a fodya funso lomalizali si lachibwana, chifukwa zigubu ndi migolo yomwe munali mankhwala a ku nazale imapezeka khomo lililonse. Safunsa anadya phula.

Ndipo mtima womwe uja wofuna ukali wokha ndi umene umatitsogolera kumalo oopsa kwambiri. Pa kachasu timalimbirana wa mutu, madontho oyamba kutuluka mu mpopi, pomwe otcheza whisky ku Scotland madontho oyambawo amawapatula osawaika m'botolo. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015 ana asukulu atayamba kuuyenda nawo m'matumba, koma ludzu la ukali silinaletsedwe, linangosamukira m'timabotolo. Mu 2024 ku Blantyre anthu anamwalira atamwa mowa womwe akumwa okha anaupatsa dzina loti Ambuye Ntengeni. Taganizani, munthu kugula chinthu cha dzina limenelo ndi ndalama zake. Pamenepo kulawa kunatha kalekale, chatsala ndi kufuna kuzimitsa mutu.

Ndikudziwa kuti ena muno mukuti, iwe ukukometsera tchimo. Ndikumva. Ndaona ndi maso anga bambo atatapa ndalama za mabelo khumi n'kusowa pakhomo milungu iwiri, kubwera ndi wailesi ndi ngongole, mayi amene anasoka fodya yense uja osaona ngakhale chitenje. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, ndipo ndalama zambiri za ku Chinkhoma zimapitadi ndi mphepo ya pa shabini. Sindikutsutsa zimenezo. Koma taonani bwino amene amasowa milungu iwiri uja ngati ndi munthu wolawa. Amene amasunga mowa m'kamwa kuti amve mawere sachedwa kukhuta, chifukwa mowa wolemera umadzaza mimba usanadzaze mutu. Pa bona paja anthu anamwa kuyambira m'mawa mpaka gule atatha, ndipo ambiri anapita kwawo ndi miyendo yawo. Pa M1 paja dzuwa lisanapendeke ena anali atagona kale mu ngalande.

Ifenso alembi tili ndi gawo lathu. Ndawerenga nkhani zambiri zomwe timaika m'gulu lino, ndipo mowa ukalowa m'nkhani umalowa ndi ntchito imodzi, yogwetsa bambo kuti wolemba apeze phunziro la kumapeto. Mayi wofulula amangotchedwa "mayi wogulitsa mowa", alibe dzina, alibe manja, alibe luso. Sindinaonepo nkhani yomwe wolemba akudziwa kuti chimera chimanunkha bwanji tsiku lachitatu, kapena mantha a mayi amene wadzuka pakati pa usiku kukamvetsera ngati mbiya yayamba kusisima, podziwa kuti ikapanda kutero ndalama ya mayeso a mwana yapita. Timalemba za mowa ngati anthu oonera pawindo la basi. Ukhoza kudana nawo mowa n'kulembabe zoona za iwo, koma uyenera kuyamba wafika pamoto pomwe akuphikira.

Ndiye chiweruzo changa ndi ichi. Wa azakhali ndi mowa wa mmisiri amene chida chinamupereka, ndipo ndikadakhala ndi ndalama ndikadawagulira nkhali m'malo mwa mgolo. Wa pa M1 ndi ntchito ya mmisiri amene tinamukakamiza kunama. Wa masuku ndi mwana wophunzira kuyenda, ayenda ndithu akasiya kuthamangira ukali. Pa atatuwa amene akupeza ndalama zambiri ndi wachiwiriyo, ndipo bola zikhale choncho, ana a azakhali sadzaona chifukwa chophunzirira ntchito ya masiku asanu ndi limodzi.

Pobwerera ku Santhe mwezi wa mawa ndanyamula kope. Azakhali avomera kuti ndikhale nawo kuyambira tsiku loviika mawere mpaka tsiku losefa, ndizilemba miyeso ndi mawu onse omwe amatchulira gawo lililonse, ati bola ndisamangokhala ndi cholembera, ndizivundulanso. Inu a ku Ntcheu, a ku Mzimba, a ku Chipata ndi a ku Angónia, kwanu mowa ukapsa bwino akuluakulu amati watani? Nanga ukasasa mopitirira, kapena ukagwira pansi? Ndiuzeni mawu amenewo ndiwaike m'kope momwemo.